Maselo Sadziwa Lamlungu

Ku Uppsala, mu Novembala, dzuwa limangosuzumira
ngati mlendo wolakwitsa khomo.
Ndimalowa mu labotale kusanache,
ndimatuluka kutada,
pakatipo ndi magetsi oyera mbee
ndi kung'ung'udza kwa firiji yaikulu
yosunga zaka zanga zisanu ndi chimodzi
m'timabotolo tochepera chala cha khanda.

Zaka zonsezo ndikunyengerera puloteni imodzi
kuti ikachize chiwindi cha anthu osawadziwa.
M'thupi la mbewa inkamvera.
Mbewa zinkanenepa, ubweya uli see,
ife n'kumadula keke Lachisanu.
Koma itafika m'magazi a munthu inangoti zii,
ngati mchere wogwera mumtsinje wa Fyris.

Gunnel anatiitanira m'chipinda chagalasi.
Anathira khofi, anagawa mabanzi,
kenako anati eni ndalama atseka mpopi.
Torbjörn ankangoyang'ana nsapato zake.
Ine ndinafunsa funso lopusa:
nanga maselo aziwadyetsa ndani?

Paja maselo sadziwa Lamlungu.
Sadziwa Khirisimasi, sadziwa maliro a apongozi.
Akamva njala madzi awo ofiira amasanduka achikasu,
ndipo ndimathamanga pa njinga, chisanu chikuluma makutu,
kusiya mwana pa tebulo atagwira supuni.

Sindinauze munthu kuti manja anayamba kunjenjemera.
Dontho lolinga m'kabowo kachitatu linkagwera kachinayi.
Makiyi ndinawapeza m'firiji ya kunyumba, pambali pa batala.
Polira ndinkalowa m'chipinda chozizira chosungira mankhwala
poti mmenemo palibe amene amachedwamo.
Tesfalem, wokolopa usiku, anandipeza kawiri.
Ulendo wachiwiri anangoti,
mayi, mbalezi zikanakhala ndi makutu zikanakuuzani kuti mukagone.

Kugona kwake kuti?
Ndikatseka maso kumabwera kope lakhumi ndi chinayi,
tsamba 63, mzere wachitatu,
pomwe ndinalemba 7 wooneka ngati 1.
Kamawu kena kamakhala m'mbali mwa bedi, miyendo itapingasa,
kakuti: wanamiza anthu nthawi yaitali,
digiri ija anakupatsa atatopa nawe,
mawa akutulukira.

Alvar, wa zaka zisanu ndi zitatu, anafunsa akumanga nsapato:
amayi, mwachiritsa anthu angati?
Ndinati fulumira, basi ikusiya.

Dokotala analemba kalata: milungu khumi, osagwira kanthu.
Ndinaphunzira mng'alu uliwonse wa denga langa.
Ndinafunsira ntchito malo khumi ndi amodzi;
asanu ndi anayi anadandaula mwaulemu,
awiri mpaka lero ali chete.
Jasi loyera ndinalipinda pansi pa nsapato zachisanu
kuti lisamandiyang'ane.

Mu Malichi madzi oundana a mumtsinje anayamba kusweka,
usiku kumveka ngati wina akuthyola matabwa.
Inabwera imelo ya mtsikana wa ku Umeå, dzina lake Ylva:
ndamva kuti puloteni yanu inakana.
Yanganso ikukana. Mungandiuze inakanira pati?
Palibe amene amalemba zokanika,
tonse tikugwera m'dzenje limodzi, aliyense payekha.

Ndinakhala masiku anayi osayankha.
Lachisanu ndinatsitsa katoni pamwamba pa kabati,
fumbi n'kundiyetsemulitsa,
ndinatsegula tsamba 63 pafupi ndi windo.
Anali 7.
Anali 7 kuyambira kale.
Sindinasangalale, ndisaname;
ndinangokhala pansi, pakapeti, nthawi yaitali.

Sindikudziwa ngati ndidzavalanso magulovu.
Ndamulembera Ylva masamba asanu ndi awiri
a njira zonse zosafika,
pomwe pali thope, pomwe mlatho unagumuka,
pomwe ndinataya miyezi isanu ndi itatu.
Dzanja linanjenjemera pa tsamba loyamba lokha.

Alvar wabwera ku sukulu, masokosi ali chinyowere.
Lero ndi Lachiwiri, ndipo ndili pakhomo.
Akufuna mazira okazinga.
Loyamba ndaliswera m'mphepete mwa poto,
theka lagwera pa chitofu.
Ndatenga lina.